Mwini Wake Abwere Lachisanu

Lachiwiri m'mawa, pa kiliniki ya ku Kapata,
atate anavala tayi ngati tikupita kukhoti.
Ndinali nditawanamiza:
n'zongoyeza kuthamanga kwa magazi basi.

Sisita Shawa sanatulutse jakisoni.
Anakoka mpando, nawayang'ana m'maso.
A Miti, ndikusungitsani mawu atatu,
ndiwafuna posachedwa:
mchere, njinga, bulangete.
Atate anaseka. Mwana iwe,
ndasunga mawotchi a eni ake zaka makumi atatu ndi zinayi
osataya ngakhale kasikuluwu kamodzi.
Mawu atatu n'chiyani?

Lero n'lachingati? Anakhoza.
Mwezi? Anasuzumira pawindo, fumbi likuuluka,
nati Ogasiti. Anakhoza.
Chaka?
Anatchula chaka chimene amayi anali moyo.

Kenako pepala loyera ndi pensulo.
Jambulani wotchi, manambala onse,
mivi iloze mphindi khumi itakwana leveni.

Mtima wanga unakhala pansi. Apa mpakhomo pawo.
Munthu uyu anakalambira pakhonde la sitolo kumunsi kwa tauni,
kagalasi kali m'diso,
akutumbula mawotchi a aphunzitsi,
a madalaivala a basi ya ku Lundazi,
a apolisi a pa Mwami.
Yunifolomu yanga inagulidwa ndi kugunda kwa timawilo.

Bwalo analizunguliza bwino, ngati mlomo wa ndowa.
Thwelofu pamwamba. Wani. Thuu. Fili.
Kenako manambala anayamba kupanikizana mbali imodzi
monga anthu m'minibasi ikamakhota,
kumanzere kuli mbee.
Pensulo inaima pakati, ikunjenjemera.
Atate anayang'ana nthawi yaitali,
napendeketsa pepala, naliyandikitsa kukhutu.
Iyi njakufa, anatero chapansipansi.
Mwini wake abwere Lachisanu.

Nanga mawu anga aja, a Miti?
Mchere.
Kenako zii.
Panja wanjinga wonyamula anthu analiza belu, naliza kachiwiri,
ine n'kumakuwa chamumtima: imeneyo, atate, imeneyo!
Iwo ankangokonza tayi.

Sisita sanafulumire kulemba.
Ichi si chigamulo, anatero, akuyang'ana iwo, osati ine.
Kuiwala kumalowera makomo ambiri:
magazi ochepa, shuga, makutu ogontha, chisoni chokhalitsa.
Tiyeza zonsezo, ndiye mukaonane ndi dokotala kuchipatala chachikulu.
Mwachita bwino kubwera dzuwa likadalipo.
Pali zokonzekera, ndipo a Miti anenepo maganizo awo
mawu akadali m'manja mwawo.

Ndinakumbukira usiku uja wa mu Epulo
pamene anawapeza pakhomo pa a Sakala, opanda nsapato,
akugogoda, akufunsa ngati basi yanyamuka,
ndi liwu limene linagona pampopi m'mawa mwake,
lopatsirana ndi zigubu, lotha ndikafika.
Sindilitchula.
Kapepala ka sisita sikangatseke pakamwa pa komboni yonse,
koma ndakapinda kanayi, kali m'chikwama,
ndipo ndikakawerengera achimwene a ku Katete
amene akuti tipite nawo kwa woombeza.

Pobwerera tinadutsa mumsika.
Pafupi ndi ogulitsa kapenta atate anandigwira dzanja,
nalitembenuza, nasinzina diso limodzi ngati kale.
Enelesi, wotchi yakoyi yatsalira mphindi zinayi.
Ndinatulutsa foni.
Zinayi ndendende.

Sitinalankhulenso mpaka kunyumba.
Ndinawavula tayi, ndinawapatsa madzi,
ndinalemba Lachiwiri ndi choko pachitseko,
mawa ndifufute, ndilembe lina.
Madzulo, phiri la Kanjala litameza kuwala,
ndikuchotsa zovala pachingwe,
ndinamva akundiitana m'chipinda, mawu ali mwamphamvu:
Bulangete!
Mayi uja amafuna bulangete.
Kodi tikam'patse la amako lija,
kapena ukulifundabe?